Mayi anga sagona usiku ndipo BP yawo siikutsika: kodi ziwirizi zikugwirizana?

Nabanda, Lilongwe:

Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za umoyo komanso kwa amene munakumanapo ndi zotere m'mabanja mwanu. Mayi anga ali ndi zaka 64 ndipo amakhala kumudzi kwathu ku Ntcheu. Anawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi (BP) zaka 6 zapitazo, ndipo chiyambire nthawi imeneyo akhala akumwa mankhwala mosadumphitsa, poyamba hydrochlorothiazide yekha, kenako anawawonjezera amlodipine. Kwa zaka zingapo zinthu zinali bwino, moti m'buku lawo la kuchipatala manambala ankangozungulira pa 135/85. Koma chaka chatha bambo anga anadwala sitiroko n'kufa ziwalo mbali imodzi, ndipo kuchokera pamenepo BP ya mayi yakhala ikukwera. Maulendo atatu otsatizana awapeza ndi 158/94, 164/96 ndi 160/92, chikhalirecho mankhwala sanasiye ndipo mchere anachepetsa kalekale.

Pa tchuthi cha Pasaka ndinakagona nawo nyumba imodzi masiku 5, ndipo m'pamene ndinaona zimene sanandiuzepo pa foni. Amagona cha m'ma 10 koloko usiku atamaliza kusamalira bambo ndi kugoneka zidzukulu ziwiri zimene malemu mkulu wanga anasiya. Isanakwane 1 koloko amadzuka kukatembenuza bambo ndi kuwasinthira zofunda, cha m'ma 3 koloko amadzukanso kupita kukataya madzi iwo eni, ndipo akabwerako tulo sitibweranso. Amangokhala maso mpaka tambala alire, kenako n'kutuluka kukasonkha moto. Ndikawerengera bwinobwino, sagona maola opitirira 4 pa usiku. Masiku ena amadzidzimuka thupi litatentha, thukuta lili kamukamu, ngakhale kuti papita zaka zoposa 10 chisiyire kupita kumwezi.

Nditawafunsa anandiyankha kuti munthu wamkulu sagona ngati mwana, ndipo kuti agogo anga nawonso ankakhala maso chimodzimodzi. Mtima wanga sunakhazikike ndi yankho limeneli. Kodi n'zoona kuti munthu akakula safunanso tulo tambiri? Kodi kusagonaku n'kumene kukukweza BP yawo, kapena ndikungolumikiza zinthu zosagwirizana? Mayi wina woyandikana nawo nyumba anandilangiza kuti ndiziwagulira Piriton kapena Valium kuti azigona, koma ndikuopa kusakaniza ndi mankhwala amene akumwa kale.

Phiri, wogwira ntchito pa kiliniki ya BP ndi shuga, Zomba:

Achemwali, pepani ndi matenda a bambo. Sindingathe kuwayeza mayi anu ndili kuno, choncho zimene ndilembe pano muzitenge ngati mfundo zokakambirana ndi amene amawaona ku chipatala. Koma zimene mwaonazo n'zenizeni, ndipo simukulumikiza zinthu zosagwirizana ayi.

Munthu akagona tulo tofa nato, mtima umagunda pang'onopang'ono, mitsempha ya magazi imamasuka, ndipo BP imatsika ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse poyerekeza ndi masana. Imeneyi ndiyo nthawi yaikulu pa maola 24 imene mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo zimapeputsidwa katundu. Tulo tikamadukaduka, thupi limakhala ngati la munthu amene wamva kuswa kwa chitseko pakati pa usiku: limatulutsa mahomoni okonzekeretsa thupi pa ngozi, otchedwa adrenaline ndi cortisol, mitsempha imafinyika, mtima umathamanga, ndipo kutsika kwa usiku kuja sikuchitika. Zikachitika usiku umodzi, monga pochezera maliro, thupi limabwerera m'malo mwake. Zikachitika usiku uliwonse kwa chaka chathunthu, BP ya masana nayonso imayamba kukhazikika pamwamba, ndipo mankhwala amene ankagwira bwino ntchito amaoneka ngati afooka.

Pa nkhani ya amayi pali umboni umene ndimauona kuti ndi wolemera. Mu 2003 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wotchedwa Nurses' Health Study, amene anatsatira anamwino achizimayi oposa 71,000, a zaka zapakati pa 45 ndi 65, kwa zaka 10. Amene ankagona maola 5 kapena kucheperapo anadwala matenda a mitsempha ya mtima mochuluka kusiyana ndi amene ankagona maola 8. Mu 2007 kafukufuku wina wotchedwa Whitehall II, wa anthu ogwira ntchito m'boma ku London, anapeza kuti kugona mopereŵera kumayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi mwa amayi, pamene mwa abambo mgwirizanowo sunaoneke bwino. N'chifukwa cha umboni wotere kuti mu 2022 bungwe la American Heart Association linaika tulo pa mndandanda wa zinthu 8 zoteteza mtima, pamodzi ndi zakudya, kulimbitsa thupi ndi kupewa fodya, ndipo linati munthu wamkulu azigona maola 7 mpaka 9.

Apa ndiye pali yankho la mawu a mayi anu aja. N'zoona kuti tulo ta munthu wachikulire timapepuka, amadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, amagona msanga n'kudzukanso m'bandakucha. Chimene chimachepa ndi kuthekera kogona tulo takuya, osati kufunika kwake. Mayi wa zaka 64 amafunabe maola 7 kapena 8. Komanso mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amene ankathandiza kuti mitsempha ikhale yofeŵa amatsika, mitsemphayo imayamba kuuma, ndipo thupi limasunga mchere mosavuta. Choncho kusagona kumene mtsikana wa zaka 30 angakupirire poyamwitsa khanda kumamupweteka kwambiri mayi amene wadutsa msinkhu umenewu. Kutentha thupi ndi thukuta la usiku nazonso zimatha kupitirira zaka zambiri mwa amayi ena, koma poti tili ku Malawi, munthu wotuluka thukuta usiku, makamaka ngati akutsokomola kapena kuwonda, tiyenera kumuyeza chifuwa chachikulu tisananene kuti ndi za msinkhu chabe.

Pali funso limodzi limene ndikupempha muwafunse lero lomwe: hydrochlorothiazide amamwa nthawi yanji? Mankhwala amenewa ndi okodzetsa, ndipo amayenera kumwedwa m'maŵa. Ndakumana ndi amayi ambiri amene amamwa mankhwala awo onse madzulo akatha kudya nsima, chifukwa ndiyo nthawi imene amakhala pansi, ndipo zotsatira zake amayenda ulendo wa kuchimbudzi usiku wonse. Kukodza usiku kungachokerenso ku shuga, choncho akapita ku kiliniki apemphe kuti awayeze shuga ndi mkodzo.

Za Valium ndikukuletsani mosabisa mawu. Mwa anthu achikulire mankhwala amenewa amakhalitsa m'thupi, amachititsa chizungulire ndi kuiŵala, ndipo munthu akawazoloŵera kusiya kumavuta. Taganizani mayi amene wamwa Valium akudzuka mu mdima kukanyamula mwamuna wofa mbali imodzi; kugwa n'kuthyola fupa la m'chiuno n'kosavuta, ndipo pa msinkhu umenewu fupa limenelo silichira msanga. Piriton naye amasokoneza mutu wa okalamba, amaumitsa kukamwa, ndipo mphamvu yake yogonetsa imatha pakapita masiku ochepa. Vuto la mayi anu si lakuti tulo tawakana ayi, koma kuti pali zinthu zimene zikuwadzutsa.

Nachisale, mphunzitsi wopuma pa ntchito, Blantyre:

Mwana wanga Nabanda, ine ndili ndi zaka 68, choncho mayi ako ndi mng'ono wanga. Ndikufuna kuwonjezera chinthu chimodzi chimene a Phiri sanatchule, chifukwa ine chinandizunza zaka zambiri osachidziwa. Pa masiku 5 amene unagona nawo aja, kodi unawamva akuliza mkonono? Ndipo ngati unawamva, kodi mkononowo umapita mosalekeza, kapena umaduka, munthu n'kukhala zii ngati wasiya kupuma, kenako n'kudzidzimuka ndi phuma?

Ine ndinkamwa mitundu itatu ya mankhwala a BP koma manambala sankatsika pansi pa 150. Ndinkadzuka m'maŵa mutu ukuwaŵa, kukamwa kuli gwa, ndili wotopa ngati ndachezera kulima, ndipo m'tchalitchi ndinkawodzera ulaliki usanafike n'pakati pomwe. Bambo a kunyumba anamwalira kalekale ndipo ndimagona ndekha, choncho panalibe wondiuza zimene zimachitika usiku. Mwana wanga wamkazi ndiye anazindikira nditapita kukamuthandiza pa uchembere ku Manchester. Anandimva kuchipinda chinacho, anabwera n'kuima pakhomo akuwerenga, ndipo anapeza kuti ndimasiya kupuma kambirimbiri. Atandiyeza usiku wonse ndi kamakina kovala pa chala ndi pa mphuno, anati ndili ndi matenda obanika kutulo, amene madokotala amawatchula kuti sleep apnoea. Anandifotokozera kuti njira ya mpweya kukhosi imatsekeka munthu akagona, mpweya wabwino umachepa m'magazi, ubongo umamudzutsa pang'ono kuti apume, ndipo nthawi iliyonse zikatero BP imalumpha. Munthu sakumbukira kuti anadzuka, amangodabwa kuti n'chifukwa chiyani watopa. Anatinso matendawa amachuluka mwa amayi akasiya kusamba, makamaka ngati thupi lawonjezekera, ndipo ndinazindikira kuti kukodzakodza kwanga kwa usiku kunkachokeranso komweko.

Ndikudziwa kuti makina a CPAP amene ndimagona nawo, opopera mpweya m'mphuno kuti njira ya kukhosi isatseke, si chinthu chopezeka kumudzi, ndipo ngakhale kuno ku Blantyre magetsi akazima ndimavutika. Koma kudziwa kokhako kumathandiza. Kugonera m'mbali m'malo mogona chagada, kukweza kumutu kwa bedi, kuchepetsa thupi ngati lakula, ndiponso kupeŵa mowa ndi mankhwala ogonetsa aja, zonsezi zimachepetsa kubanikako. Ife amayi timachita manyazi ndi mkonono, timauona ngati ndi wa abambo, ndipo mwana akatiuza timakana. Uwafunse mwaulemu, kapena ufunse zidzukuluzo, chifukwa ana amamva zonse.

Mbeŵe, Mzuzu:

Ndaŵerenga mayankho onse aŵiri ndipo ndikuwalemekeza, koma ndikuopa kuti mlongo wathuyu angachoke pano akuganiza kuti tulo ndiye gwero la zonse. A Phiri, kafukufuku wa anamwino amene mwatchula uja anapezanso kuti amayi ogona maola 9 kapena kupitirira anadwala mtima mochuluka. Kodi tinene kuti kugona kwambiri kumadwalitsa mtima, kapena kuti munthu amene thupi lake layamba kale kufooka ndiye amagona kwambiri? Ngati funso limeneli lili lomveka kwa ogona kwambiri, liyeneranso kukhala lomveka kwa ogona pang'ono. Kafukufuku wongotsatira anthu amasonyeza kuti zinthu ziŵiri zimayendera limodzi, koma satiuza kuti chayambitsa chinzake ndi chiti. Tikumbukirenso kuti pa kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anapezeka ndi BP yokwera, ndipo sindikhulupirira kuti onsewo anali osagona.

Mayi amene akunyamula mwamuna tsiku ndi tsiku msana umawaŵa, ndipo kumudzi msana ukawaŵa anthu amagula Brufen kapena diclofenac pa okala. Mankhwala amenewa amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mankhwala okodzetsa, ndiponso amawononga impso akamwedwa nthawi yaitali. A Nabanda, mwanena kuti mchere anachepetsa, koma kodi soda wa mu therere ndi m'nkhwani anasiya? Nanga usipa wouma ndi timakyubu tokometsera ndiwo? Zonsezi zili ndi sodium yemweyo amene ali mu mchere, ndipo muyezo wa WHO ndi wosafika magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi poŵerengera zakudya zonse. Palinso kayezedwe. Munthu amene wayenda makilomita angapo padzuŵa n'kufikira kuyezedwa asanapume ngakhale mphindi 5 amapezeka ndi manambala okwera kuposa enieni.

Koma chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu si manambala. Mayi amene anaika mwana wake m'manda, akulera ana a malemuyo, ndipo mwamuna wake wagona pamphasa, akamakhala maso kuyambira 3 koloko mpaka kucha, ndimaganiza za nkhaŵa ndi matenda a maganizo. Kudzuka m'bandakucha osagonanso ndi chimodzi mwa zizindikiro zodziŵika za kukhumudwa kwa mtundu umenewu, ndipo amayi a msinkhu wawo sanena kuti ndakhumudwa, amangoti mtima ukundiwaŵa kapena ndikuganiza kwambiri. Ndifunsenso ngati mwamuna: kodi alongo anu aamuna ali kuti? Pa mwambo wathu mwana wamkazi sangasambitse bambo ake, n'chifukwa chake ntchito yonse imagwera mayi, koma mwana wamwamuna, mphwake kapena mng'ono wake wa wodwalayo angathe kugona m'chipindamo n'kumawatembenuza usiku. Tikamalangiza mayi kuti azigona maola 7 koma osatchula amene adzuke m'malo mwawo, malangizowo sangatheke.

Nabanda, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndawaimbira mayi dzulo madzulo ndipo ndawafunsa mafunso anu limodzi ndi limodzi. A Phiri, munalondola: mankhwala onse aŵiri amamwa usiku akatha kudya, ndipo akuti anayamba kutero bambo atadwala chifukwa m'maŵa amaiŵala ndi kutanganidwa. A Mbeŵe, Brufen amamwadi, pafupifupi tsiku lililonse chiyambire mwezi wa Ogasiti, ndipo sanawauzepo a ku kiliniki chifukwa sankamuŵerengera ngati mankhwala oyenera kutchulidwa. Za mkonono, mayi Nachisale, iwo anaseka n'kukana, koma mdzukulu wamkuluyo nditamufunsa payekha anati agogo amaliza pang'ono akagona chagada, ngakhale sanawamvepo akubanika.

Nditawafunsa zimene amaganiza akakhala maso, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati amaŵerengera zaka za anawo n'kumadzifunsa kuti adzawasiyira ndani. Sindinawamvepo akulankhula chotero, ndipo ndinalephera kuwayankha.

Ndalankhula ndi mlongo wanga amene ali ku Johannesburg ndipo tagwirizana kuti tizisonkha ndalama mwezi uliwonse kuti mphwawo wa bambo, amene amakhala mudzi womwewo, azigona nawo masiku 4 pa sabata. Mayi akukana kusamuka m'chipindamo, akuti anthu adzanena kuti athaŵa mwamuna wawo pa matenda, choncho ndapempha azakhali kuti akakambe nawo. Funso limene latsala ndi lakuti, kodi ndiwauze kuti asinthe okha nthawi yomwera mankhwala, kapena adikire tsiku lawo la kiliniki limene lili masabata atatu kutsogoloku?

Phiri, Zomba:

Achemwali, masabata atatu ndi ambiri kwa munthu amene BP yake ili pa 160 ndipo akumwa Brufen tsiku lililonse. Apite sabata ino, atenge buku lawo pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene ali m'nyumba, ogula pa okala omwe, ndipo akanene zonse zimene akuuzanizo, kuphatikizapo za maganizo. Brufen asiye lero, ndipo msana ukawaŵa amwe Panado kufikira ataonana ndi dokotala. Hydrochlorothiazide abwerere m'maŵa monga mmene anawalembera poyamba, koma asamwe kaŵiri pofuna kubweza. Amlodipine angathe kumwa nthawi iliyonse imene sangaiŵale, chifukwa kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa TIME, wa anthu oposa 21,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, sanapeze kusiyana pa matenda a mtima ndi sitiroko pakati pa omwa mankhwala a BP m'maŵa ndi omwa madzulo. Tiyi asamwe dzuŵa likapendeka, ndipo masana bambo akagona, nawonso atsamire kwa mphindi 20 kapena 30 m'malo mothamangira kuchapa.

A Mbeŵe, funso lanu ndi loyenera ndipo za Brufen mwandiposa. Komabe pali umboni wina umene si wongotsatira anthu. Mu 2021 akatswiri a ku Mayo Clinic ku America anafalitsa zotsatira za kuyesa kumene anatenga achinyamata athanzi n'kuwalola kugona maola 4 okha kwa masiku 9 otsatizana, ndipo anthu omwewo anawayezanso pa nthawi ina akugona mokwanira. BP inakwera pa nthawi yosagonayo, ndipo kukwerako kunaonekera kwambiri mwa akazi. Anthu ake anali ochepa ndiponso sanali okalamba, koma zikusonyeza kuti kusagona pakokha kumatha kukweza BP mwa munthu amene analibe vuto lililonse. Mwa mayi aŵa ndikuona kuti tulo, Brufen ndi nkhaŵa zonse zikukokera mbali imodzi.

Achemwali, muwauzenso azakhali ndi mphwawo wa bamboyo zizindikiro zosayenera kudikira kuti kuche. Mayi akamva kulemera kapena kufinya pachifuwa, kupuma movutikira, kupweteka kofika ku nsagwada, kumsana kapena kudzanja, nseru ndi thukuta lozizira, athamangire nawo kuchipatala, chifukwa mwa amayi matenda a mtima nthawi zina amabwera mosaoneka bwino ndipo anthu amangoti ndi chilungulira. Chimodzimodzinso kukamwa kukapotoka, dzanja likafooka kapena mawu akayamba kusamveka. Ndipo ngati ayamba kudzuka usiku akubanika mpaka kukhala tsonga kuti apume, miyendo n'kumatupa, akanene msanga, pakuti chimenecho chingakhale chizindikiro chakuti mtima wayamba kulephera kupopa bwino magazi. Mudzatiuze manambala amene akawapeze nawo pakatha mwezi mphwawoyo atayamba kugona m'chipindamo.